Forester yanga ikudula mphamvu pachitunda chiikireni boost controller: vuto lili pati?

Funso: Ndili ndi Subaru Forester ya turbo, ya 2004, yochokera ku Japan. Mlamu wanga anandibweretsera manual boost controller (kavalavu kopotokola ndi dzanja kokwezera boost, mphamvu ya mpweya umene turbo imakankhira mu injini) kuchokera ku Johannesburg, ndipo mnyamata wina wa pagalaja kuno ku Salima anandiikira. Masiku oyamba ndinakondwa, galimoto inkanyamuka mwaukali. Koma tsopano ndikamakwera zitunda za ku Mvera popita ku Lilongwe, ndikaponda moto kwambiri imangoti gwede, mphamvu n'kuzima kamphindi, nyali ya check engine n'kuyaka. Tapotokola kabawuti kake uku ndi uku, palibe chikusintha. Geji ya boost ndilibe. Kodi kamaikidwa bwanji molondola, ndipo ndingakweze mpaka pati? — Wowerenga wa ku Kamuzu Road, Salima

Yankho: Achimwene, kuyambira lero mpaka mudzakonze, galimotoyo muziiyendetsa mwaulemu, phazi lisamafike pansi. Kugwedezeka mukunenako akuchititsa ndi kompyuta ya galimoto, imene ikudula petulo dala itaona kuti mpweya wolowa mu injini wapyola malire amene a Subaru anaika. Ikukutetezerani mapisitoni. Mukakaiwerengetsa pa makina mwina mukapeza P0244 kapena P0234, ndipo manambala onsewa akunena za boost yokwera mopitirira. Wina akakuuzani kuti pali kachipangizo konamiza kompyuta kuti ileke kudula mafuta, mumuthokoze n'kumapita.

Ndifotokoze kaye zimene kavalavu kanuko kamachita, chifukwa mukazimvetsa vutolo mulipeza nokha. Utsi wotuluka mu injini umazunguza kagudumu ka mapiko m'kati mwa turbo, kagudumuko n'kumazunguza kanzake kamene kamakankhira mpweya mu injini. Mpweya ukachuluka mafuta amawonjezeka, utsi umachulukanso, turbo n'kumathamangirathamangira. Choiletsa ndi wastegate, kachitseko kamene kakatseguka utsi wina umalambalala turbo n'kupita ku ekizozi. Kachitsekoka kamalumikizidwa ndi kandodo kochokera m'kachitini kotchedwa actuator, momwe muli labala ndi sipuling'i. Sipuling'i imagwira chitseko kuti chikhale chotseka. Mpweya wochokera ku turbo umabwera m'kapaipi kakang'ono n'kudzakankha labala uja, ndipo ukaigonjetsa sipuling'i chitseko chimatseguka, boost n'kuima pomwepo.

Boost controller imakhala pakati pa kapaipi kameneka kuti mpweya usafike msanga ku actuator. Ilipo mitundu iwiri. Wina uli ndi kachitsulo kobulungira m'kati kokanikizidwa ndi sipuling'i yake. Mpweya sudutsa mpaka utakhala ndi mphamvu yonyamula kachitsuloko, ndipo kabawuti kapamwamba kamalimbitsa kapena kufewetsa sipuling'iyo. Mtundu wina umangotaya mpweya pakabowo kuti wofika ku actuator ukhale wochepa. Pa woyambawu, kumanga kabawuti kumakweza boost. Pa wachiwiri, chokweza boost ndi kutsegula kabowo. Muyenera kudziwa umene muli nawo musanagwire sipanala. Ambiri ogulitsidwa masiku ano ndi a kachitsulo kobulungira, ndipo ndiyankha poganiza kuti wanunso ndi womwewo.

Muone zinthu ziwiri apa. Kavalavuka sikangatsitse boost kupitirira pamene sipuling'i ya actuator imatsegukira; kamangokweza basi. Ndiponso kamawonjezera mpweya wokha. Za petulo, za nthawi yothetheka mapulagi, za kutentha, sikadziwa chilichonse.

Mawu anu akuti mwapotokola kabawuti koma palibe chikusintha ndi amene akundilozera njira. Kavalavu koikidwa bwino kamamvera ngakhale mutapotokola theka lokha. Kakakhala kogontha chonchi, ndiye kuti actuator sikulandira mpweya n'komwe, chitseko chikungokhala chotseka, ndipo turbo ikukankha mmene ingathere mpaka kompyuta italowererapo.

Choyamba chimene ndikukayikira n'chakuti anakaika chagada. Kachitsulo kobulungira kamalola mpweya kudutsa mbali imodzi yokha. Nthawi zambiri polowera ndi pansi, moyang'anizana ndi kabawuti, ndipo potulukira ndi m'mbali. Ena amajambulapo muvi. Mukakatembenuza, mpweya umakankhira kachitsuloko pampando wake ndipo njira imatsekeratu. Kuyesa kwake n'kosavuta. Kachotseni, masulani kabawuti mpaka sipuling'i itafewa, pukutani n'kuuzira ndi pakamwa. Mbali imene mpweya ukudutsa momasuka ndiyo yochokera ku turbo. Mukauzira mbali inayo muzimva kutsekeka, kupatula kamphepo kotuluka pakabowo kakang'ono kam'mbali. Kabowo kameneko si chilema, ndipo musakamate ndi guluu. Ndi kamene kamatulutsa mpweya wotsalira mu actuator mukachotsa phazi, kuti chitseko chibwerere. Kakatsekeka ndi fumbi kapena oyilo, galimoto imanyamuka bwino ulendo woyamba, koma mukasintha giya n'kupondanso imachita ulesi.

Chachiwiri ndi mmene mapaipi a Subaru anayalidwira, ndipo apa ndi pamene anyamata ambiri amasokonezekera. Kapaipi kamachoka pakansonga ka pa turbo, mbali ya aluminiyamu, n'kufika pa mphanda ya T. Nthambi imodzi imapita ku actuator, ina imapita ku solenoid, kavalavu kamagetsi kolamulidwa ndi kompyuta, kamene kamabwezera mpweya wina mu paipi yaikulu yolowera mu turbo. M'kapaipi koyambako, pakati pa turbo ndi T, muli kachitsulo kachikasu kokhala ndi kabowo kochepetsetsa. Mukafinya kapaipi ndi zala mumakamva kakulimba m'kati. Munthu wofulumira amangodula kapaipi pafupi ndi actuator, n'kulowetsapo kavalavu katsopano, T ndi solenoid n'kuzisiya mmene zinalili. Zikatero kachitsulo kachikasu kakuchepetsa mpweya, solenoid ikutaya wina, ndipo wotsalawo sukwanitsa kunyamula kachitsulo kobulungira ka mu controller.

Chachitatu ndi kapaipi kovuka kapena kong'ambika. Ichi chikugwirizana ndi mawu anu oti masiku oyamba zinali bwino. Pafupi ndi turbo pamatentha kwambiri, ndipo kapaipi ka labala wamba kopanda chomangira kamafewa n'kupulumuka. Komabe n'kuthekanso kuti vutolo linalipo chiyambire. Kuchoka pa Kamuzu Road kupita ku Senga Bay msewu ndi wafulati, ndipo munthu amaponda kamphindi m'magiya ang'onoang'ono n'kusiya. Turbo imafika pachimake injini ikalemedwa kwa nthawi, monga pa giya yachinayi pachitunda chachitali mutanyamula anthu ndi matumba a mpunga. Zitunda za msewu wa M14 ndi zimene zaulula.

Musanaikenso chilichonse, gulani geji ya boost. Pamenepa sindinyengerera. Kupotokola kabawuti kopanda geji n'kuyendetsa galimoto usiku nyali zili zozima. Geji imatenga mpweya ku manifold (mapaipi ogawira mpweya ku masilinda), kuseri kwa throttle (chitseko chimene chimatseguka mukaponda moto), osati ku turbo. Pa Forester malo abwino ndi kapaipi kopita ku bypass valve (valavu yopungula mpweya mukachotsa phazi) ya pa intercooler (choziziritsira mpweya wochokera ku turbo). Ikanipo T yaing'ono. Kapaipi kopita ku regulator ya petulo kasiyeni, chifukwa kakadzavuka pa boost mafuta adzachepa nthawi imene akufunika kwambiri. Injini yabwino ikatentha n'kumalira yokha osapondedwa, singano imakhala kumunsi kwa ziro, cha m'ma -0.6 bar. Mageji ena amalemba psi. Bar imodzi ndi 14.5 psi.

Geji ikakhala m'malo, bwezerani mapaipi a fakitale monga analili, controller ili m'thumba, ndipo muyese galimoto. Nambala imene muione ndiyo boost imene a Subaru anaipangira galimoto yanu. Ilembeni. Kenako lumikizani kapaipi kamodzi kuchoka pa turbo mpaka pa actuator, popanda T kapena china chilichonse pakati, muyesenso. Nambala yachiwiriyi ndi ya sipuling'i yokha. Ikhala yotsika, mwina cha m'ma 0.5 bar, ndipo galimoto imveka yaulesi, zomwe zili bwino. Boost ikapitirirabe kukwera mutalumikiza chonchi, controller ilibe mlandu: mwina labala wa mu actuator wabooka, kapena chitseko chagwira dzimbiri. Tengani pampu ya njinga yokhala ndi geji, popani pang'onopang'ono mu actuator osapitirira bar imodzi, n'kumayang'ana kandodo. Kazisuntha mosadukizadukiza ndipo kaziima pomwepo mukasiya kupopa. Kakamabwerera kokha, labala watha. Kakapanda kusuntha, chotsani kapini kolumikizira injini itazizira, muyese chitsekocho ndi dzanja.

Zonsezi zikakhala bwino, kuika kwake n'kwa mphindi zochepa. Chotsani T ndi timapaipi take tonse, kuphatikizapo kaja ka kachitsulo kachikasu, muzisunge m'jumbo. Ikani kapaipi katsopano ka silikoni kuchoka pa turbo kupita polowera pa controller, kena kuchoka potulukira kupita ku actuator. Tikhale tatifupi mmene mungathere. Anthu ena amafuna kuti kabawuti kakhale pafupi ndi chiwongolero, n'kukoka paipi yaitali mpaka m'kati mwa galimoto. Utali umenewo umachedwetsa mpweya, boost n'kumadumpha isanakhazikike. Nsonga iliyonse imangidwe ndi kilampu kapena cable tie, ndipo kavalavuko kamangiriridwe patali ndi ekizozi. Solenoid musaizule ku magetsi, apo ayi check engine iyaka. Ingotsekani timabowo take. Ndipo musaiwale kansonga ka pa paipi yaikulu kamene solenoid inkabwezerapo mpweya. Kakatsala pululu, injini imayamwirapo mpweya umene sensa yoyeza mpweya sinauwerenge, pamodzi ndi fumbi losadutsa mu fyuluta. Fumbi la kwathu kuno mukulidziwa.

Yambani kabawuti kali komasula kwambiri. Poyesa mukhale awiri, wina maso pamsewu, wina maso pa geji. Sankhani malo owongoka, makamaka okwera pang'ono, nthawi imene kulibe anthu ambiri. Msewu wa M5 wopita ku Nkhotakota uli ndi malo owongoka, koma ulinso ndi akabaza, ana a sukulu ndi mbuzi, ndiye musachite nawo masewera. Injini itatentha, ikani giya yachitatu, yambirani pa 2,500 rpm (liwiro la kuzungulira kwa injini), pondani mpaka pansi kufika cha m'ma 4,500, kenako siyani. Ngati yanu ndi ya otomatiki, igwireni pa giya imodzi ndi ndodo kuti isadzitsitse yokha pakati pa kuyesa. Ulendo woyamba muyenera kuona nambala ya sipuling'i ija kapena kuposerapo pang'ono. Imani, mangani kabawuti kota imodzi yokha, yesaninso. Timavalavu tina timakhala chete maulendo angapo kenako n'kudumpha kamodzin'kamodzi, ndiye musatope n'kupotokola kawiri kathunthu. Mukafika pamene mukufuna, mangani nati yotsekera, chifukwa mabampu amamasula kabawuti kosatsekera.

Singano imalankhula ngati mukuiyang'anitsitsa. Ikadumpha pamwamba kenako n'kubwerera pang'ono n'kukhazikika, mapaipi ndi aatali kapena kachitsulo kachikasu katsalira m'njira. Kudumpha kochepa n'kwachibadwa pa mtundu uwu, koma nambala yoti muziiopa ndi yapamwambayo, osati yokhazikikayo. Ikamakwera pang'onopang'ono pamodzi ndi rpm osaima, chitseko chikutseguka koma chikuchepa, ndipo zimenezi zimachitika kawirikawiri kwa amene anachotsa catalytic converter (chosefa utsi cha mu ekizozi) n'kuika ekizozi yaikulu. Controller singachize zimenezo. Ikamatsika injini ikamathamanga kwambiri, musadandaule: turbo ya Forester ndi yaing'ono, mpweya umaithera kumtunda. Ikakana kukwera ngakhale mwamanga kabawuti, funani potayikira, makamaka pa mapaipi a pansi pa intercooler ndi pa bypass valve. Pamene pali chinyontho cha oyilo chomatira fumbi, pamenepo ndi pobooka.

Tsopano funso lanu lomaliza, loti mungakweze mpaka pati. Yankho langa silikukondweretsani. Popanda geji yoyeza kasakanizidwe ka mpweya ndi petulo, komanso popanda munthu wokonza mapulogalamu a kompyutayo, musapitirire 0.1 bar pamwamba pa nambala ya fakitale imene munalemba ija. Ndipo ikanakhala galimoto yanga, yoti ndimadalira popita ku Lilongwe, ndikanabwezera solenoid ya fakitale n'kusiya pomwepo.

Chifukwa chachikulu n'chakuti kompyuta ya Subaru siimangosunga nambala imodzi. Imakweza kapena kutsitsa boost poona mmene mwapondera, ndipo ikamva injini ikugogoda kwambiri imatha kuibweza mpaka pa sipuling'i. Mukaika controller mwailanda dzanja limenelo. Ndiye pali vuto lina limene eni ma Subaru amalidziwa bwino: ndi kavalavu ka kachitsulo kobulungira, turbo imatha kufika pa boost yonse phazi lili pakatikati. Pamenepo kompyuta ikuyesabe kusunga mafuta, ikupereka petulo wa ulendo wamba, pamene injini ikugwira ntchito ya phazi lapansi. Moto wa m'masilinda umatentha kwambiri, ndipo palibe kugwedezeka kapena nyali yokuchenjezani. Taganizani mmene mumakwerera zitunda za ku Mvera: giya yapamwamba, phazi pakati, kwa mphindi zingapo osapumira. Ndi mkhalidwe womwewo ndendende. Mukasankha kukhala ndi controller, phunzirani kutsitsa giya pachitunda kuti injini izizungulira momasuka singano ili pansi.

Kenako pali nyengo yathu. Mpweya ukapanikizidwa umatentha. Masana a Okutobala ku Salima kunja kukakhala madigiri 35, mpweya wotuluka mu turbo pa 0.8 bar umapitirira madigiri 100 usanafike mu intercooler. Intercooler ya Forester ili pamwamba pa injini, pansi pa kabowo ka pa boneti, ndipo imazizira pokhapokha galimoto ikuyenda. Mukaima pa rodibuloko kapena pamzere wa mafuta imamwa kutentha konse kwa injini, ndiye mukangonyamuka n'kuponda mwaukali mumathira mpweya wotentha m'masilinda. Onani ngati labala wa pansi pa boneti wolondolera mphepo akadalipo, ndipo tsukani timapiko take. Nyengo yozizira ili ndi yake mbali: mmawa wa mu Juni, mwera ukuwomba, mpweya umakhala wolemera ndipo singano imadumpha kuposa mmene munaisiyira m'chilimwe. Controller sidzisintha yokha, muziiyang'ana nyengo ikasintha. Muikonzerenso konkuno kunyanja. Salima ili pa mamita pafupifupi 500 pamwamba pa nyanja yamchere, Lilongwe pa mamita opitirira 1,000, ndipo pa nambala imodzimodzi ya geji injini imameza mpweya wambiri kuno kumunsi kuposa kumtunda.

Petulo ndiye nkhani ina. Injini za turbo za ku Japan anazipangira petulo wa okteni (muyeso wa mmene petulo amapiririra kugogoda) wapamwamba, wofika pafupi ndi 100, pamene ife pa pampu sitisankha, timathira amene alipo. Petulo wa m'dziko muno amasakanizidwa ndi ethanol, wina wake wochokera pompano ku Dwangwa, kumene fakitale yake inayamba mu 1982. Ethanol amathandiza kuti injini isagogode msanga, koma amafuna kuthiridwa wambiri: petulo weniweni amapsa bwino pa magawo 14.7 a mpweya ku gawo limodzi la mafuta, pamene ethanol amafuna magawo 9 okha. Choncho pampu ya petulo ndi ma injector a galimoto ya 2004 ali kale ndi ntchito yowonjezera musanakweze chilichonse. Za mafuta a m'zigubu, amene timagula kukakhala kusowa, sindinena zambiri. Simudziwa chimene chathiridwamo, ndipo tsiku limene mwathira amenewo singano isadutse ziro kwambiri.

Kugogoda kwake muzikudziwa. Ndi kaphokoso kopyapyala, kofulumira, ngati chimanga chikuthetheka pachiwaya chapatali, ndipo kamamveka injini italemedwa. Zimitsani wailesi, tsekani mawindo, mvetserani. Mukakamva chotsani phazi nthawi yomweyo. Pa injini za Subaru za mtundu wa EJ20 chimene chimayamba kusweka ndi m'mphepete mwa pisitoni, pakati pa maring'i, ndipo zizindikiro zake ndi kudya oyilo, utsi wabuluu, ndi silinda imodzi yofooka. Popeza mwakhala mukufika podulidwa mafuta kangapo, pemphani makaniko ayeze compression (mphamvu yopanikiza mpweya) ya masilinda onse anayi, ndipo atulutse mapulagi muwaone ndi maso anu. Nsonga yotuwa kwambiri, kapena yokhala ndi timadontho tonyezimira ta chitsulo, ikutanthauza kuti kutentha kwayamba kale kudya m'kati. Musinthenso fyuluta ya petulo, mutsuke sensa ya mpweya ya pafupi ndi fyuluta ya mpweya ndi mankhwala ake enieni, osati petulo. Kawirikawiri Forester imene mwini wake akuti yafooka imabwerera mphamvu ndi zinthu zimenezi zokha.

Kwa anzathu a dizilo amene akuwerenga: pa injini zakale monga 1KZ-TE ya Hilux Surf ndi Prado, kapena 4D56 ya Pajero, kavalavuka kamaikidwa chimodzimodzi, koma mphamvu ya dizilo imachokera ku mafuta, ndiye mpweya wokha suwonjezera zambiri, ndipo chofunika kuyang'anira ndi kutentha kwa utsi. Pa 1KD-FTV ya Hilux D-4D ya malita atatu mulibe poika, chifukwa turbo yake ili ndi timapiko tosunthidwa ndi mota yamagetsi. Pa ma Volkswagen TDI ambiri actuator imakokedwa ndi vacuum m'malo mokankhidwa, ndiye kavalavu aka sikagwirizana nayo.

Mukapita kugalaja, musakamukalipire mnyamatayo; mukhale naye pomwepo, muuzire kavalavuko limodzi, mutsatire kapaipi kalikonse ndi chala kuchoka pa turbo mpaka pamene kathera. Mukatha, ndilembereni manambala awa: ya mapaipi a fakitale, ya sipuling'i yokha, ndi ya compression ya silinda iliyonse. Ndikawaona ndidzakuuzani ngati 0.1 bar ija injini yanu ingaipirire.